Dothi la Mzere Wachisanu

Tsiku loti kalabu yathu ya ku Golomoti iuze anthu a midzi itatu dothi lomeretsa bwino mbande za nsatsimanga, mtengo uja akuti njere zake zimatulutsa mafuta oyendetsera galimoto, wapampando wathu Mayi Anjelina analawirira kunazale atavala chitenje chawo cha pa Pasaka. Kumeneko anapeza mlamu wawo, a Gibson, mlembi wa kalabu, munthu woti mukamuuza kuti adikire pompo mukamupeza pompo ngakhale kugwe matalala, atagwada pakati pa machubu, tepi yoyezera kumanja, kope kumanzere.

"Alamu, dzukani apo. Mbandezo sizikula chifukwa choti mwazigwadira."

"Ndatsala ndi zisanu ndi ziwiri," anatero a Gibson osatukula mutu.

"Zisiyeni. Alangizi afika posachedwa ndi chinamtindi cha anthu, ndiye ndabwera kuti tigwirizane mawu. Mukaimirira mungoti, 'Manyowa a mbuzi za Mayi Anjelina apambana.' Basi. Mukhale pansi, anthu aombe m'manja."

"Sanapambane."

Mayi Anjelina anatula ndowa imene inali pamutu pang'onopang'ono, ngati muli mazira.

"Bwerezani. Mwina khutu langa lalowa madzi."

"Pendeketsani mutu, mudumphe ndi mwendo umodzi, atuluka."

"Ndati bwerezani!"

A Gibson ananyowetsa chala ndi malovu n'kutsegula kope.

"Mzere woyamba, mchenga wa mumtsinje wokhawokha, masentimita seventini. Wachiwiri, mchenga ndi feteleza, kachitsekerero ka botolo kamodzi pa chubu, twente naini, koma mbande khumi ndi zitatu zinapsa. Wachitatu, mankhusu a mpunga a ku Bwanje osakaniza ndi dothi la m'munda, twente folo. Wachinayi, manyowa anu, sate eyiti."

"Ehee! Mwamva nokha. Sate eyiti!"

"Wachisanu, dothi la m'nkhalango, lopanda feteleza, lopanda manyowa, fote wani."

Ndipo sanali kunama. Mzere wachisanu unali biriwiri, masamba ngati mbale zodyera, pamene timbande ta mumchenga tinali titangoima tofooka ngati anthu odikira minibasi yoti inadutsa kale.

"Tepi yanuyo inatamuka," anatero Mayi Anjelina.

"Ndi yachitsulo. Siitamuka."

"Ndiye munathiramo feteleza mobisa. Vomerani, tili awiri."

"Feteleza anali wa mzere wachiwiri. Wotsala ali m'chitini icho. Alangizi anasayina pachivindikiro."

"Oho. Ndiye mumaziimbira nyimbo? Mumazithirira tiyi wamkaka?"

"Madzi a pamjigo, mofanana ndi zinzake. Za nyimbo pepala la alangizi silinanene."

"Koma abale inu! Alamu, kusiyana kwake ndi masentimita atatu. Atatu okha! Kachala ka mwana wakhanda. Chifukwa cha kachala mundichititse manyazi pamaso pa midzi itatu? Msika wonse wa Golomoti ndinaulengezera kale. Ngakhale makondakitala akuzidziwa mbuzi zanga."

"Kunena zoona ndi atatu ndi theka. Thekalo ndinakuchotserani chifukwa m'bokosi la pakope simukwana."

"Zikomo kwambiri. Mulungu akuonjezereni pamene mwachotsapo."

"Ameni," anayankha a Gibson ndi mtima wonse.

Mayi Anjelina anapuma mwamphamvu. Ife amene timawadziwa tinganene kuti mayi ameneyu akatsekeredwa pakhomo amalowera pazenera, ndiye anasintha mawu, nakhala ngati munthu wodera nkhawa anzake.

"Chabwino, a katswiri. Alangizi anati dothi lopambana ndi limene tidzazire machubu zikwi khumi ndi zisanu. Manyowa ali m'khola mwanga, apa pompa. Nanga dothi lanulo? Anthu athyoke misana kukwera mapiri a kumtunda kwa Mua ndi mawilibala?"

"Si kumapiri. Ndi pafupi. Mphindi khumi popita, khumi ndi zisanu pobwera chifukwa wilibala imakhala yodzaza."

"Nkhalango yake iti? Mitengo ya kuno inakwera malole kalekale m'matumba a makala. Kwatsala mango wa kusukulu ndi mlambe uja wokanika nkhwangwa."

"Yatsala imodzi."

"Kuti?"

A Gibson anasolola tepi n'kuloza kuseri kwa chigayo, kumene kuli kamsitu kowirira bii, kamene ngakhale wootcha makala wosowa kwambiri amakalambalala.

Mayi Anjelina anayang'ana. Anayang'ananso.

"Tsitsani dzanjalo. Kumeneko saloza."

"Ndikuloza ndi tepi, osati chala."

"Alamu. Mukundiuza kuti dothi limeneli munakatenga kumanda?"

"Eya."

"Yesu Mariya!"

Mayi Anjelina anavundikira ndowa ija n'kukhalapo.

"Mwatopa? Ndi kutenthaku," anatero a Gibson.

"Inde, ndi kutentha. Mvula yachedwa. Inu munthu inu, mutu wanu ukugwira? Kumanda!"

"Ndinatsata pepala." Anatulutsa m'thumba la shati pepala lopindapinda. "Likuti, 'Dothi la m'nkhalango likhale lakuda, la pansi pa mitengo yachilengedwe.' Ilipo. 'Pamalo pamene masamba akhala akuwolerana zaka zambiri.' Pamenepo. 'Posalimidwa.' Kodi munaonapo munthu akupanga mizere kumeneko? 'Posadyetsedwa ziweto.' Mfundo zinayi, zonse zinayi zinakwana. Ndinachonga."

"Munachonga."

"Ndi cholembera chofiira."

"Nanga pepala lanu lanzerulo silinanene kuti mupemphe kwa eni malo?"

"Linanena. Mfundo yachisanu."

"Ndiye munapempha kwa ndani?"

"Ndinavula chipewa n'kuodira katatu."

"Ndiye anati chiyani?"

"Palibe amene anakana."

Mayi Anjelina anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, ndipo mawu awo anatuluka pakati pa zala.

"Palibe amene anakana. Ambuye, nditengeni lero lomwe, nanenso ndikakhale wosakana."

"Musafulumire, alamu. Nthaka yauma kwambiri mwezi uno. Adzukulufe tingavutike kukumba."

Pajatu a Gibson ndi mmodzi wa adzukulu a m'mudzi mwathu, okumba manda aja. Kumsituko amalowako kawirikawiri kuposa mmene amalowera m'tchalitchi.

"Munafukula mtumbira wa munthu?" anafunsa Mayi Anjelina monong'ona.

"Aaa, ayi! Mukunditenga ngati ndani? Mtumbira ndi dothi lofiira la pansi, lilibe chakudya. Ine ndinakokola lapamwamba, pakati pa mitengo, kuya kwa chikhato chimodzi monga mwa pepala. Ndinaliona pa maliro a malume ake a Noel, mnansi wathu uja. Anzanga akupumula, ine ndinalifumbata, ndinati koma dothi ili ndi lonona."

"Anthu akulira, inu mukusirira dothi."

"Ndinalira kaye."

"Anakuonani ndani mukulituta?"

"Aliyense amene ndinakumana naye. Anali masana a Lachitatu. Ndinawapatsa moni."

"Sanafunse?"

"Anafunsa ngati ndi manyowa. Ndinati ayi. Sanafunsenso."

Mayi Anjelina anadzuka, nayandikira, natsitsa mawu ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani.

"Tamverani, alamu. Kuno kwathu, munthu wopezeka ndi dothi la kumanda amatchedwa chiyani?"

"Zimatengera dzina lake."

"Mfiti! Amatchedwa mfiti! Ndipo sakufunsa za mfundo zinayi. Mwana akatentha thupi, ndiwe. Mvula ikachedwa, ndiwe wamanga. Miyala imayamba kugwa padenga, kenako umapezeka uli pamsewu ndi kamtolo ka zovala. Ndiye inu lero mukufuna kuimirira pamaso pa midzi itatu n'kuwerenga ndi pakamwa panu?"

"Alangizi anati ndiwerenge zonse, ndi kumene chilichonse chinachokera."

"Alangizi a Alice ndi mwana wa mutauni, akwera galimoto n'kumapita. Ife titsala."

"Galimoto yake ndi ya anthu asanu. Sitingakwane tonse."

"Mayo ine! Chabwino. Tichite chonchi. Zulani chikhomo cholembedwa 'manyowa' mukazike pamzere wachisanu. Cha 'nkhalango' chibwere pa wachinayi. Ndani angadziwe?"

"Ndingathe."

"Ehee! Mwayamba kukhala munthu."

"Koma ndilemba kuti lero m'mawa zikhomo zasinthidwa, mopemphedwa ndi wapampando."

"Mulemberenji?"

"Kuti owerenga asasokonezeke."

"Ndiye cholinga chake n'chimenecho, kuti asokonezeke!"

"Aaa. Ndiye si cholinga chabwino."

Mayi Anjelina anamanganso chitenje, nachikoka mwaukali ngati ndicho chalakwa.

"Siyani zikhomo. Mukangoti dothi linachokera kumapiri. Mawu amodzi. Kumapiri."

"Phiri lake liti? Akafunsa mtunda."

"Lililonse! Mapiri atha?"

"Ndiye Lolemba anthu akapita ndi mawilibala kuphiri limene ndatchulalo, akapeza miyala yokhayokha, mbande zikwi khumi ndi zisanu zikafa, adzati mlembi ndi wabodza."

"Bola wabodza kusiyana ndi mfiti!"

"Ufitiwo ukhala wondinamizira. Bodzalo likhala langadi."

Mayi Anjelina anayang'ana khosi la mlamu wawo, nzeru ina n'kuwabwerera.

"Mukudwala pakhosi."

"Ayi."

"Ndikukuuzani kuti mukudwala pakhosi. Mawu sakutuluka. Ndiwerenga ine."

A Gibson anakhosomola, nameza malovu, nayesa mawu.

"Aaa. Eee. Wani, thuu. Ayi, alamu, pali bwinobwino. Zikomo pondiganizira."

"Ndingakuthandizeni kuti payambe kupweteka."

"Ndi chiyani?"

"Ndi manja angawa!"

A Gibson anayang'ana manjawo, nabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Ndiye tibweze," anapitiriza Mayi Anjelina. "Tengani wilibala, pakirani mzere wonsewo, mukatule kumene munakatenga. Anthu akafika tiziti kunali mizere inayi."

"Ndi mbande zomwe?"

"Ndi mbande zomwe!"

"Zikagwira. Nsatsimanga sichedwa, ndipo dothi likhala lakwawo. Ndiye ndiziyenera kukayeza Lachisanu lililonse mpaka kafukufuku atatsekedwa. Mudzabwera kudzandigwirira tepi?"

"Ine? Ndikagwire tepi kumanda?"

"Mumangopanikiza pansi ndi chala chachikulu. Sizovuta."

"Ndipatseni kopelo."

"Mutani nalo?"

"Ndikufuna ndione kalembedwe kanu kokongola."

A Gibson anasangalala, natambasula dzanja, koma ataona mmene zala za mlamu wawo zinapindikira, anabweza kope n'kulipana kukhwapa.

"Mukufuna kung'amba."

"Mwayamba liti kuzindikira zinthu?"

"Masamba ake ndinalemba manambala. Mukachotsa limodzi, pakati pa 22 ndi 24 paoneka."

Pamsewu panadutsa gulu la amayi a mudzi wa kutsidya, atanyamula mabeseni otengeramo mbande, akupita kukakhala pamthunzi wa mlambe kumene msonkhano unayenera kuchitikira. Anakuwa moni. Mayi Anjelina anayankha ndi kumwetulira kwa mano onse, ndipo amayiwo atangokhota, kumwetulirako kunazima.

"Basi, ndayesetsa," anatero. "Mukufuna kufa, ifani nokha. Ine ndikaimirira poyamba. Ndikati, 'Abale, ine wapampando ndadzidzimuka ngati inu nomwe. Munthu uyu anapita yekha, anatuta yekha. Ine ndi mbuzi zanga tilibe mbali. Dothi limenelo manja angawa sanalikhudzepo ngakhale kamodzi.'"

"Chiganizo chomalizacho muchotse."

"Chifukwa?"

"Sicholondola."

"Iii! Tsopano mukufuna kundipaka?"

A Gibson anatembenuza kope n'kutsegula chakumapeto.

"Nditadzaza machubu, dothi linatsala ndowa makumi awiri. Ndinaliunjika kuseri kwa chisakasa ichi. Pepala likuti zotsala zizilembedwa, ndiye ndinkalemba. Pa 4 Okotobala, ndowa ziwiri zachoka. Pa 11, zitatu. Pa 18, zinayi."

"Nkhuku zimapalasa."

"Nkhuku sizisenza ndowa pamutu."

"Ndiye ndi akuba. Dziko laipa."

"Anali atavala chitenje cha mphakati wanu ndi patapata womanga ndi waya kumanzere. Ine ndinali pamwamba pa chisakasa ndikufolera udzu. Ndinapereka moni, koma munkathamanga."

Mayi Anjelina anayang'ana phazi lawo lamanzere, nalibisa kuseri kwa linzake.

"Limene lija," anatero, mawu atachepa, "mulu wakuda uja..."

"Lomwelo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Simunafunse. Komanso pepala likuti mlembi azilemba, silikuti azidzudzula."

"Ndinkayesa ndi dothi wamba la kudimba!"

"Kudimba kulibe lotere."

Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa wapampando wathu. Choonadi n'chakuti mayiyu anathira m'machubu manyowa aawisi, ongotapa m'khola, chifukwa anati mbuzi zawo sizifuna kudikira kuwola ngati za anthu ena. Pofika sabata yachitatu mbande zinali chikasu mbuu, ndipo munthu wolengeza kumsika sakanalola kuti zife anthu akuona.

"Ndinangothiramo pang'ono," anatero. "Kungozidzutsa."

"Theka la chubu chilichonse. Munadumpha machubu anayi a kumapeto, mwina munamva mapazi. Amenewo ndiwo a manyowa enieni. Ndimawayeza padera."

"Ndiye ali pati?"

"Leveni."

"Leveni? Nanga mchenga uja munati chiyani?"

"Seventini."

"Mbuzi zanga zagonja kwa mchenga?"

"Ndi masentimita sikisi."

"Musandiwerengere! Ndinapita kusukulu!"

"Koma pali pamene sindikumvetsa," anapitiriza a Gibson, akukanda m'mutu ndi cholembera. "M'machubu munalowa ndowa zisanu. Zinachoka zisanu ndi zinayi. Zinayi zinazo ndasiya mpata, sindikudziwa polemba."

Mayi Anjelina anagwira pamimba.

"Mpiru," anatero.

"Mpiru?"

"Bedi la mpiru la kuseri kwa nyumba yanga."

"Uja wa masamba ngati a nthochi? Ndiye chifukwa chake! Ndinkadabwa." A Gibson analemba mokondwa. "Ndowa zinayi, mpiru. Mwandithandiza, alamu, mpata umenewu unkandisowetsa mtendere."

"Lekani kulemba! Mpiru umene uja ndi umene ndinaphika pa chinkhoswe cha Yunisi wanga. Apongozi onse a ku Mtakataka anadya!"

"Inenso ndinadya. Unali wofewa bwino. A Noel anapempha kachiwiri."

"Mumadziwa, n'kumadya?"

"Sindinkadziwa. Koma ngakhale ndikanadziwa, wotendera uja sindikanausiya."

"Kalanga ine! Ndipo amake a mkamwini anausirira, ine ndinawatapira dothi m'kathumba ka shuga kuti akayese kwawo. Ndinawauza kuti ndi chinsinsi cha mbuzi zanga."

"Kathumba ka kilogalamu imodzi kapena awiri?"

"Alamu!"

"Pepani. Ndimafuna ndilembe m'kabokosi aka."

"Ndiye ine," anatero Mayi Anjelina, akuwerenga pa zala, "ndalisenza pamutu, ndalilowetsa pakhomo, ndadyetsa apongozi, ndawapatsira lina ngati mphatso. Inu munangokankha wilibala."

"Eya. Mukayerekeza, inu mwachita zambiri."

Chapatali, kumene msewu wafumbi umapatukira kuchoka patala, kunamveka kulira kwa galimoto. Kumlambe anthu anayamba kuimba nyimbo yolandirira alendo.

Mayi Anjelina anakhalanso pandowa paja. Ulendo uno sanakuwe, sanatukwane. Mantha enieni anali atawagwira, ndipo ananena mosabisa.

"Ndikuopa, alamu. Ukwati wa mwana wanga utha. Adzati mayi ake anatidyetsa za kumanda kuti atipusitse. Ndipo nyumba ija ndinamanga ndekha, njerwa imodziimodzi. Ndipita kuti ine pa msinkhu uno?"

A Gibson anawayang'ana nthawi yaitali. Pa zaka zonse zimene akhala pachilamu anali asanawaonepo mayiwa atagwetsa mapewa, ndipo zinawapweteka mumtima. Anatsegula kope patsamba 23, naligwira pakona.

"Mukutani?" anafunsa Mayi Anjelina.

"Ndikung'amba."

"Inu?"

"Chibadwire sindinang'ambepo tsamba, ndiye musandiyang'ane. Ine akangondiseka, poti kumsituko ndi kuntchito kwanga. Koma inu ndinu mayi wamasiye, mumakhala nokha, imvi zayamba. Mwala woyamba ugwa padenga panu." Anayesa kukhosomola. "Ndiponso pakhosi pangapa payamba kuwawa. Ndikuganiza kuti mawu satuluka."

"Mukunama, alamu?"

"Ndikuyesera. Zikumveka?"

"Zikumveka zoipa kwambiri."

"Ndizolowera. Achimwene sangandikhululukire nditakuponyani m'mavuto, makamaka poti dothilo ndinakokola pansi pa bwemba uja, pambali pawo penipeni."

Mayi Anjelina anatukula mutu.

"Pambali pa ndani?"

"Pa a Vincent. Amuna anu. Mapazi anayi kuchokera pamtanda."

"Vincent wake uti? Wanga uja?"

"Kumeneko aliko mmodzi yekha."

"Uja ankagona pamkeka kuyambira mvula yoyamba mpaka kukolola? Uja ankati mpini wa khasu umamuyambitsa chimfine?"

"Omwewo. Ankatinso chikwakwa chimawapatsa chizungulire."

Mayi Anjelina anadzuka, napita pamzere wachisanu, nagwira tsamba limodzi, nalitembenuza uku ndi uku. Anaseka, koma m'maso munali misozi, chifukwa waulesi ameneyu ankamukonda, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi sizinachotse kanthu.

"Ndiye fote wani uyu ndi wake."

"Kunena zoona ndi masamba a bwemba owolerana, kuphatikiza ndi..."

"Khalani chete. Sate eyiti ujanso ndi wake. Mpiru wa pa chinkhoswe cha mwana wake, wakenso. Wadyetsa apongozi! Vincent!"

Galimoto inaima kumlambe. Chitseko chinamenyedwa, ndipo wina anayamba kuitana wapampando ndi mlembi.

"Tachedwa," anatero a Gibson, natseka maso, nayamba kukoka tsamba lija. Litangolira kamodzi pakona, dzanja la Mayi Anjelina linali litawagwira kale pamkono.

"Mwayamba misala? Siyani tsambalo!"

"Koma alamu, anthu aja! Miyala! Apongozi!"

"Abwere andiuze pamaso kuti mkazi kulandira thandizo kwa mwamuna wake ndi ufiti. Ndiwafunsa kuti awo amoyowo awathandiza chiyani chaka chino."

"Nanga pakhosi panga?"

"Pachira." Anawongola chitenje cha pa Pasaka, nawakankhira mlamu wawo kutsogolo. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu munthu amene uja sanadzalepo ngakhale dzungu limodzi pakhomo panga. Lero wayamba ntchito, ndiye inu mukufuna kumubisa? Tiyeni mukawerenge, alamu. Mokweza, ndi dzina lake lomwe!"